Feteleza wa AIP kapena Mtukula Pakhomo: wosauka wa ku Zomba apindula ndi chiti?

Feteleza wotsika mtengo wa ndondomeko ya boma ya AIP, yemwe adayamba mu 2020, ankafuna munthu wokhala ndi munda, mphamvu zolimira komanso ndalama yowombolera matumba awiri a makilogalamu 50, NPK ndi Urea. Osaukitsitsa ankagwera pomwepa: posowa ndalamayo, ena ankagulitsa mwayi wawo kwa mavenda. Fetelezayo akachedwa ankapeza chimanga chitapitirira nthawi yothira, ndipo m'madera ozungulira nyanja ya Chilwa madzi osefukira amatha kukokolola zonse.

Mtukula Pakhomo, yemwe adayambira ku Mchinji mu 2006, amapereka ndalama kwa mabanja osaukitsitsa opanda munthu wamphamvu zogwirira ntchito, kuphatikizapo yoonjezera ya ana a sukulu. Mitengo ikakwera ndalamayo imachepa mphamvu, komabe kwa agogo olera ana amasiye njira yowathandizadi ndi imeneyi.