Ndemanga: Snipe-IT ndi ma barcode pa kalembera wa katundu wa pantchito

Nyenyezi 4 mwa 5. Pa kuwerenga katundu ndi kudziwa kumene ali, Snipe-IT imakwanira. Pa kutsata ntchito yokonza makina, mufunikanso pulogalamu ina.

Snipe-IT ndi pulogalamu yosungira kaundula wa katundu, yopangidwa ndi kampani ya Grokability. Mukaiika pa server yanuyanu (kompyuta imene imasunga pulogalamuyi kuti ena aifikire pa netiweki) ndi yaulere; mukafuna kuti eni ake akusungireni, mumalipira. Anaipanga poganizira makompyuta ndi mafoni, koma majenereta, mapampu a madzi, mafiriji, ma AC, zozimitsira moto ndi mipando zimalowamo bwinobwino. Ndemangayi ikukhudza pulogalamuyi pamodzi ndi zinthu zitatu zimene imayendera: pulinta, masitika ndi scanner (kachipangizo kowerengera barcode).

Chinthu chilichonse chimafuna model (mtundu wake), status (mmene chilili) ndi asset tag kuti chilembedwe. Asset tag ndiyo nambala imene imasanduka barcode, ndipo pulogalamuyi imatha kupereka yokha manambala otsatizana mukangoiuza zilembo zoyambira, monga KAT-00417. Ambiri amakonda kulowetsa dzina la nthambi m'nambalamo, mwachitsanzo LLW-ACC-017. Musatero. Firiji ikasamuka ku Lilongwe n'kupita ku Mzuzu, sitika ija imayamba kunama, ndipo kusintha nambala ndiye kumatula sitika, kusindikiza ina ndi kusokoneza mapepala a ma auditor amene ali ndi nambala yakale. Malo ali ndi polemba pakepake, ndipo amatha kusanjidwa: nyumba, m'kati mwake nsanjika, m'kati mwake chipinda.

Kaundula wakale amalowa kudzera pa fayilo ya CSV, imene mungaikonze mu Excel. Apa wokupwetekani ndi Excel. Amafufuta maziro oyambirira, 00417 n'kukhala 417, ndipo serial number ya manambala okhaokha ikapitirira madijiti 15 amasandutsa otsalawo kukhala maziro. Uzani Excel kuti mizere imeneyi ndi ya mawu (Text), osati ya manambala, musanalembemo kanthu, madeti alembedwe chaka, mwezi, tsiku, monga 2024-03-15, ndipo yesani kaye ndi zinthu 10 zokha.

Tsopano sitika, chifukwa ndalama zambiri zimatayikira pamenepa. Mapulinta a masitika ali mitundu iwiri. Direct thermal alibe riboni, amawotcha pepala ngati makina a malisiti a mu shopu. Ndi otchipa, koma zolemba zake zimafufutika ndi dzuwa ndi kutentha monga amachitira malisiti. Sitika yotere pa AC ya panja ku Nsanje kapena ku Mangochi musaiwerengere kuti idzafika kalembera wa chaka chamawa. Thermal transfer amasungunulira riboni pa sitika. Pulinta ya Zebra ZD220 ilipo ya mitundu yonse iwiri, choncho onetsetsani chilembo chomaliza pogula: ZD220t ndiyo ya riboni, ZD220d ilibe. Riboni nayonso ili patatu, wax, wax-resin ndi resin. Ya katundu wokhalitsa ndi resin pa sitika ya polyester. Wax pa polyester imaoneka bwino ikangotuluka, koma mukapakanda ndi chikhadabo imachoka.

Pulinta ya 203 dpi imadinda timadontho 8 pa milimita imodzi. Kamzere kochepetsetsa ka barcode kakhale timadontho tiwiri, kutanthauza milimita 0.25. Pa muyezo umenewu, KAT-00417 mu mtundu wa barcode wotchedwa Code 128 imatenga pafupifupi mamilimita 34, kuonjezerapo mpata woyera wa mamilimita 2.5 uku ndi uku. Pa sitika ya mamilimita 50 kwa 25 imakwana. Mpata woyerawu si wokongoletsa, ndi umene umauza scanner poyambira ndi pothera. Mukaudya ndi chizindikiro cha bungwe, scanner imangoti duu. Code 39, mtundu wina wa barcode, ilimonso mu Snipe-IT, koma pa nambala yomweyo imatalika kuposa Code 128, ndiye pa sitika yaing'ono ilekeni. Chinanso, posindikiza sankhani kukula kwa 100%, osati Fit to page. Kufinya kapena kufutukula kumachititsa kuti timizere tina tinenepe, tina tionde, ngakhale ndi maso zonse zikuoneka zabwino.

Pomata, pukutani ndi isopropyl alcohol kapena sipiriti, pauma ndiye matani n'kutsindika ndi chala. Guluu wake amafuna tsiku limodzi mpaka atatu kuti agwiritsitse, choncho oyeretsa asapitepo ndi kansalu konyowa tsiku lomwelo. Mipando ya pulasitiki ndi matanki a madzi zimakana guluu wamba, zimafuna sitika ya guluu wamphamvu. Pa jenereta ndi pa pampu, pomwe pali oyilo, kutentha ndi kunjenjemera, ikani kachitsulo ka aluminiyamu komangirira ndi ma rivet kapena waya. Pa chinthu chozungulira ngati chozimitsira moto, matani barcode motsata kutalika kwa botolo, timizere tioneke ngati makwerero, kuti isapindike. Ndipo gwirizanani malo amodzi pa mtundu uliwonse wa katundu: pa desiki, mwendo wakumanja kutsogolo; pa firiji, m'mbali chakumtunda. Nthawi yambiri ya kalembera imathera kugwada ndi kusuzumira pansi pa matebulo, osati kuwerenga.

Snipe-IT imatha kuika QR ndi barcode ya timizere pa sitika imodzi. QR, imene Denso Wave ya ku Japan inatulutsa mu 1994, imapirira kukandika chifukwa imadzikonza yokha ikaonongeka pang'ono, ndipo foni iliyonse yamakono imaiwerenga n'kutsegula tsamba la katunduyo. Koma m'kati mwa QR imeneyi mumakhala adiresi ya server yanu. Mukasintha dzina la server kapena nambala yake ya IP, ma QR onse akale amaloza kumene kulibe kanthu. Sankhani dzina lokhazikika la server musanasindikize ngakhale sitika imodzi. Barcode ya timizere ilibe vuto limeneli poti imangosunga nambala ya katundu, ndipo nambalayo ilembedwenso m'zilembo zooneka pansi pake, kuti timizere tikafufutika munthu athe kuitaipa.

Scanner ya laser ndi yotchipa koma siwerenga QR kapena barcode ya pa galasi la foni. Gulani ya 2D, imene imawerenga QR ndi barcode ya timizere yomwe. Kompyuta imaiona ngati kiyibodi basi: imataipa nambala pamene pali cursor. Iyenera kutcheredwa kuti izidina Enter ikamaliza, ndipo mumachita izi powerengetsa ma barcode a m'kabuku kamene kamabwera nayo. Ngati zizindikiro zikutuluka zosiyana ndi za pa sitika, onani ngati scanner ili pa kiyibodi ya US pamene kompyuta ili pa UK.

Tsiku la kalembera mumatsegula tsamba la Bulk Audit mu Snipe-IT, kusankha chipinda, kuika deti la kalembera wotsatira, n'kuyamba kuwerenga. Chilichonse chowerengedwa chimatuluka pa mndandanda pomwepo, ndipo nambala yosadziwika imakanidwa. Apa ndiye pulogalamuyi imasangalatsa. Misampha ndi iwiri. Woyamba, bokosi lolowetsamo nambala pa tsambalo limafuna asset tag, koma scanner ya 2D imatha kuthamangira QR yoyandikana nayo n'kutaipa adiresi yonse; phimbani QR ndi chala chachikulu kapena zimitsani QR mu scanner pa tsikulo. Wachiwiri ndi kabokosi kochonga kuti malo a katundu asinthidwe. N'kothandiza, koma mukatuluka mu accounts n'kulowa m'khitchini osasintha chipinda pa kompyuta, firiji ndi ketulo zimalembedwa kuti zili mu accounts. Zosowa sizidzionetsa zokha ayi. Mumazipeza pa mndandanda wa zimene deti lake la kalembera lapitirira, kapena posanja katundu motsata tsiku limene anawerengedwa komaliza.

Nyenyezi yachisanu yagwera pa zinthu ziwiri. Pulogalamuyi imayendera pa browser, ndiye popanda netiweki palibe chochita: m'kanyumba ka pampu, m'chipinda chapansi chosungira katundu, kapena magetsi akathima server ilibe UPS (batire yosunga magetsi). Scanner yosunga manambala m'kati mwake imapulumutsa, koma sidziwa chipinda, choncho matani barcode ya chipinda pa felemu la chitseko, muziyamba kuwerenga imeneyo kuti idule mndandanda. Chachiwiri, ili ndi polemba kuti makina anakonzedwa liti, ndi ndani, pa mtengo wanji, koma situlutsa ma job card (mapepala opatsira amisiri ntchito) ndipo sikukumbutsani kuti jenereta yakwana maola osinthira oyilo. Fakitale kapena chipatala chachikulu chofuna zimenezi chiyang'ane mapulogalamu otsata ntchito yokonza makina (CMMS) monga Fiix kapena MaintainX. Kwa sukulu, hotela, ofesi kapena bungwe limene opereka thandizo amalifunsa kaundula wa katundu chaka ndi chaka, Snipe-IT, pulinta ya riboni ndi scanner imodzi ya 2D n'zokwanira, bola pakhale munthu wodziwa kusamalira server ndi kusunga backup pamalo ena.