Miyezi 10 ndikupalasa Singer 15K88

Makina osokerawa ndinawagula mu Ogasiti chaka chatha kwa bambo wina wa ku Chinamwali amene anasiya utelala maso atayamba kuwavuta. Ndi Singer 15K88 yakuda, yopalasa ndi miyendo, ndipo maluwa ake agolide anafufutika pomwe pamadutsa nsalu. Pondipatsa anati, "Mayi, awa mukamawamwetsa mafuta adzasokera ndi adzukulu anu omwe." Lero ndi Juni, chisanu chatsika m'phiri la Zomba, ndipo kwathu tikufunda zofunda zitatu za zigamba zotuluka pa makina omwewa.

Amadziwa msoko umodzi wokha, wowongoka. Zigizagi alibe. Poyamba ndinkaona ngati ndaluza, koma chofunda cha zigamba sichifuna china. Ndimatola zidutswa za zitenje kwa matelala a pakhonde pafupi ndi msika waukulu, kuzichapa, kuzisita, kuzidula makona anayi, kenako kuzilumikiza ndi msoko wa mamilimita 6. Ukaphonya pang'ono, makona sakumana ndipo chofunda chimapindika ngati lichero. Apa mpamene kupalasa kumandikomera. Phazi likangoleka, singano imaima pomwepo, ndipo pakona ndimazunguza gudumu ndi dzanja, msoko umodziumodzi, mpaka singano ilowe penipeni pomwe ndikufuna.

Mayeso enieni anabwera pophatikiza zonse zitatu: zigamba pamwamba, bulangete la pa kaunjika pakati, nsalu yosalemba pansi. Ndinaika singano ya nambala 16, mtima uli m'mwamba. Anangodutsa, kulira kwake osasintha. Pansi pake pali kasikuluwu kotsitsira mano okoka nsalu aja, ndipo ukawatsitsa umayendetsa wekha chofundacho, kujambula masamba ndi ulusi. Miyezi iwiri yoyamba miyendo ndi manja sizinkamvana, misoko ina italiitali, ina tinthu ting'onoting'ono. Chofunda choyambacho ndachisunga, ndipo ndikachiyala pambali pa chachitatu ndimaona ndi maso mmene manja anga aphunzirira.

K uja wa pa dzina akuimira Kilbowie, fakitale ya Singer ya ku Clydebank ku Scotland, yomwe inatsekedwa mu 1980. Clydebank ili m'mbali mwa mtsinje wa Clyde, womwewo umene umadutsa pa Blantyre wa kwawo kwa David Livingstone. Ndikamapukuta chitsulo chimenechi ndimaganiza za ulendo umene chinayenda kuti chifike kwathu kuno ku Matawale. Fakitale kulibe, koma zofunikira zilipo, chifukwa makina a Butterfly odzaza m'makondemu anatengera mtundu womwewu wa 15. Mabobini (timawilo tokulungapo ulusi wa pansi) ndi singano ndimagula konkuno m'tauni.

Zovuta zilipo ndithu. Mvula ya kuno siseka ndi chitsulo. Mu Febuluwale ndinakhala masabata atatu osasoka, ndipo nditavundukula ndinapeza dzimbiri layamba pa kachitsulo ka pansi pa singano. Ndinapukuta ndi palafini, n'kudontheza mafuta a makina m'timabowo tonse, ndipo kuyambira pamenepo Loweruka lililonse amamwa. Mafuta ophikira musayerekeze, amauma n'kumata zonse. Lamba wachikopa anatamuka kawiri. Umangodula kachidutswa, kuboola ndi msomali, kulumikizanso ndi kawaya kake.

Tsiku lina ulusi unkangoduka, ndipo ndinataya masana onse. Vuto linali langa. Pa 15K88 mbali yafulati ya singano imayang'ana kumanzere, ulusi n'kulowa kuchokera kumanja, pomwe ine ndinaika monga ndinazolowerera pa makina ena. Komanso chofunda cha bedi lalikulu chimalemera. Uyenera kuchikulunga zolimba kuti chilowe pansi pa mkono wa makina, ndipo pofika madzulo mapewa amakhala atauma.

Amene akufuna kusoka nsalu zotamuka kapena kutsegula mabowo a mabatani mofulumira, afune makina ena. Koma wa zigamba ngati ine, akawapeza awazunguze kaye gudumu, amve ngati likuyenda mosakakamira, aone ngati shatulo, kachitsulo kolowamo bobini, ilimo.

Dzulo magetsi anazima cha m'ma 6 koloko madzulo. Ndinayatsa kanyali ka sola, n'kukaika pafupi ndi singano, ndipo ndinamaliza mpendero wa chofunda chachinayi. Chimenechi n'cha bambo aja a ku Chinamwali. Ndikawapatsira Lamlungu tikaweruka ku tchalitchi.