Sitolo ya vinyo yomwe inandifunsa za tiyi wa apongozi

Apongozi anga aamuna anakwanitsa zaka 70 mu Julaye, ndipo mayi a kunyumba anandisiyira ine ntchito yopeza mphatso. Nsalu ya suti anali atagula kale alamu anga, foni inachokera kwa mwana wawo wa ku Lilongwe. Ine ndinangotsala ndi botolo la vinyo, poti mdalayo ndi Mkatolika wa ku St Peter's ndipo sabisa kuti Lamulungu masana, akachoka ku Misa, kakapu kamodzi kamawakomera. Zoterezi muziyamba mwafufuza kuno ku Mzuzu. Makomo ambiri ndi a CCAP ya sinodi ya Livingstonia, ndipo kukafika ndi botolo kwa mkulu wa mpingo n'kudziputira nkhani. Kwa oterowo ine ndimangonyamula paketi ya Mzuzu Coffee, tonse n'kusiyana mwamtendere.

Ndinali ndi mantha chifukwa ndinapsapo kale. Chaka chatha mnzanga wa kuntchito ankakumbukira tsiku la ukwati wake, ine n'kumugulira Cabernet Sauvignon wodula, botolo lolemera, lakuda bii. Ndinasankha poona mtengo basi. Nditapita kwawo ku Katoto patatha sabata, ndinapeza akazi ake akuthira Coca-Cola m'vinyoyo. Akuti, "Alamu, zikomo, koma anali wowawa ndiye tamukonzako." Ndinaseka nawo, koma mumtima ndinkawerenga ndalama zanga.

Ulendo uno ndinalowa m'kasitolo kena ka zakumwa pakati pa tawuni, osati patali ndi depoti ya mabasi. Dzina ndilisunga, poti ndili ndi zodandaula zingapo ndipo sindikufuna kumuika m'mavuto mtsikana amene anandithandiza. Malowo ndi opanikiza. Kutsogolo kuli makireti a mowa, vinyo ali kumbuyo pa mashelefu atatu, ambiri a ku South Africa: Nederburg, Robertson, Drostdy-Hof, Four Cousins, 4th Street, ndi mabokosi aja a malita asanu amene amayenda malonda pa maukwati.

Nditanena kuti ndikufuna mphatso, ndinkadikira funso loti ndili ndi zingati. Mtsikanayo anafunsa zina.

"Achimwene, amene mukuwagulirawo amathira masupuni angati a shuga mu tiyi?"

Ndinayamba ndadabwa, kenako ndinakumbuka. Bambowo amamwa khofi wakuda, shuga supuni imodzi yosadzaza. Anafunsanso kuti akakhala ndi anzawo amamwa chiyani, ndinati Carlsberg Stout. Anafunsa chomwe chikaphikidwe tsikulo, ndinati mbuzi ndi mpunga wa Kilombero. Pomaliza anati, "Nanga chotsegulira vinyo ali nacho kunyumbako?" Apo ndiye ndinagonja. Sindinaganizirepo n'komwe, chonsecho ndinaonapo anthu akukankhira chotsekera m'kati mwa botolo ndi mpeni, zinyenyeswa zili yandeyande m'makapu.

Nkhani ya tiyiyo si sayansi ayi, koma ili ndi nzeru. Munthu wozolowera zotsekemera akalawa vinyo wofiira wolembedwa "Dry" amamva ngati waluma nthochi yosapsa, m'kamwa monse gwa. Kuumako kumachokera ku makungu ndi nthangala za mphesa, zomwe amazisiya m'madzi a mphesazo pofulula vinyo wofiira. Woyera nthawi zambiri amafinya n'kuchotsa makunguwo msanga, n'chifukwa chake saumitsa m'kamwa chomwecho. Mawu oti "Dry" amangotanthauza kuti shuga wa m'mphesa wasanduka mowa pafupifupi yense. Mukaona "Natural Sweet", shuga watsalamo wambiri ndipo mphamvu yake imakhala yocheperako, cha m'ma 8 peresenti, pamene wofiira wosatsekemera amafika 13 kapena 14. Akazi a mnzanga aja sanalakwe kanthu. Wolakwa ndinali ine amene ndinagulira lilime la m'magazini.

Kwa munthu wa khofi wakuda ndi Stout, mtsikanayo anatsitsa mabotolo awiri, Merlot ndi Pinotage. Anati Merlot ndi wofewa, sakangana ndi munthu. Ine mtima unagwera pa Pinotage chifukwa apongozi anga anali mphunzitsi wa zaulimi, ndipo mphatso yabwino kwa iwo ndi yomwe ili ndi nkhani yokamba. Mtundu wa mphesa umenewu unabadwira ku South Africa komweko mu 1925, pamene Abraham Perold wa ku yunivesite ya Stellenbosch anakwatitsa Pinot Noir ndi Cinsaut. Cinsaut kumeneko ankaitchula Hermitage, ndiye dzina la Pinotage linachokera polumikiza Pinot ndi Hermitage. Kwa munthu amene anathera moyo wake akuphunzitsa ana kumezanitsa mitengo ya mango, ndinadziwa kuti imeneyi aidya bwino.

Anandionetsanso kapepala kamene kamamatidwa pakhosi pa botolo, kokhala ndi manambala. Ndi chidindo cha bungwe loona za vinyo ku South Africa, pansi pa lamulo la Wine of Origin lomwe linayamba mu 1973. Chikakhalapo, ndiye kuti zolembedwa pa botolo zinatsimikizidwa: ngati alemba dera, mphesa zonse zachokera kumeneko, ndipo ngati alemba mtundu wa mphesa kapena chaka, zosachepera 85 peresenti n'za mtunduwo ndi chakacho. Masiku ano omwe katundu wina amalowa m'njira zosadziwika bwino, kuyang'ana pakhosi sikutayitsa nthawi.

Pa chaka ndi pomwe ambirife timanamizana. Timati vinyo akakalamba ndiye wabwino. Chaka cholembedwacho ndi chomwe mphesa zinakololedwa, ndipo vinyo wambiri wa m'masitolo athu anapangidwa kuti amwedwe pasanathe zaka zochepa, makamaka woyera ndi wapinki uja. Apa ndiye pali dandaulo langa loyamba ndi sitoloyi. Shelefu imodzi ili pawindo penipeni, dzuwa la masana limawomba mabotolo. Ndinanyamula woyera wina wa 2017, fumbi lili mbuu, mtundu wake utada ngati tiyi wosulukira. Kutentha ndi kuwala zimapha vinyo, ndipo ngakhale Mzuzu ndi wozizira, dzuwa la Okutobala pagalasi si masewera. Mtsikanayo anangoti, "Amenewo musatenge," motsitsa mawu. Ndinamuyamikira, koma eni sitolo akanangosuntha shelefuyo.

Chachiwiri, theka la mabotolo alibe mitengo. Umanyamula, kupita pakauntala, kufunsa, kubwerera nalo mwamanyazi anthu akukuyang'ana. Ndikumvetsa kuti chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mitengo ya katundu wakunja sikhazikika, komabe cholembera ndi kapepala sizidula. Chachitatu, alibe timatumba ta mphatso. Anandikulungira mu nyuzipepala ngati usipa wa ku Nkhata Bay, ndiye ndinakasaka kathumba kwina. Polipira sipanavute, amalandira Airtel Money ndi Mpamba.

Pakona panali mabotolo angapo a Linga, vinyo wathu wa ku Lilongwe wopangidwa ndi zipatso monga jambula, magwafa ndi chidede. Kwa apongozi sindinatenge, koma mlendo wochokera kunja amene akubwerera kwawo ndingamupatse ameneyu. Kupatsa munthu wa ku Cape Town botolo la ku Paarl, komweko ku South Africa, kuli ngati kupita ndi nsomba ku Usisya.

Nditalipira Pinotage wa chivindikiro chopotokola, wa mtengo wapakatikati, mtsikanayo anafunsa, "Nanga amayi akumeneko?" Amenewo ndi a masupuni atatu. Ndinadziwa kuti akundigulitsa botolo lachiwiri, koma ankanena zoona: tsiku la bambo, mayi sangakhale ndi kapu ya madzi. Ndinawonjezera Four Cousins wapinki wotsekemera, wa ku Robertson. Anandilangiza kuti ameneyu alowe m'firiji, pamene wofiirayo, ndi kuzizira kwa Julaye kuno, angokhala pathebulo.

Amene mukudziwa kale chomwe mukufuna, sitolo zazikulu zili ndi mitundu yambiri ndipo mitengo ili poyera. Kasitolo aka n'ka ife osadziwa, bola mupeze mtsikana ameneyu ali pantchito, ndipo musatenge botolo la pawindo.

Tsikulo ku Chiputula kunali kamvula kowaza kaja. Ndinapereka kathumbako ndi manja awiri, bambowo anavala magalasi n'kuwerenga botolo lonse mpaka kumbuyo. Nditawafotokozera za Perold, anandidula pakamwa n'kuyamba kundiphunzitsa ineyo kusiyana kwa kukwatitsa maluwa ndi kumezanitsa nthambi, mpaka mbuzi inayamba kuzizira. Anamwa makapu awiri, botololo anakabisa kuchipinda kuti alamu anga asalione. La mayi linatha tisanadye n'komwe, poti azakhali awiri anathandizako, ndipo pano amasungiramo mafuta ophikira.