Munda wake ngwabwino, koma mnyamata wa m'chipinda cha gule anatilaula

Ndapereka nyenyezi zitatu, ndipo ziwiri mwa zitatuzo ndi za agogo osamala mundawo.

Tinapita Loweruka lapitali ku nyumba ya zaluso ija ili pa famu yakale ya Mpwitikizi kunja kwa tauni ya Ulongwe, ku Angónia m'dziko la Mozambique. Okwera shapa (maminibasi) za njira imeneyo mukuidziwa, ya mpanda wa mikungudza ija. Tinali asanu: ine, mayi a kunyumba, ana awiri ndi atsibweni anga. Pageti ndi zomwe zija, mametikali 50 wamkulu, mwana theka. Za ndalamayo sindidandaula, poti bungwe lake si la malonda ndipo risiti anatipatsa. Denga latsopano tinaliona ndi maso.

Amene anaumiriza ulendowu ndi atsibweni. Ali mnyamata, ufulu wa 1975 usanabwere, ankapalira mbatatesi pa famu yomweyo, ndipo nyumba yaikuluyo ankangoidziwira kukhomo la kukhitchini kumene ankalandirira mchere. Nthawi ya nkhondo tonse tinathawira ku Dedza. Pobwerako, mtendere wa 1992 utakhazikika, anaipeza yopanda malata ndi zitseko, mbuzi zikugona pabalaza. Atamva kuti aikonza ndipo aliyense akulowa, anandiuza kuti, "Mphwanga, ndiperekeze ndikalowere khomo lakumaso maso akadaona." Anavala jekete lawo la kutchalitchi. Pa masitepe anaima kanthawi, kenaka n'kulowa chipewa chili m'manja.

Zipinda ziwiri zoyamba zili ndi zithunzi zopenta, madengu, ziboliboli ndi zishango za ngoma ya Angoni. Zili bwino, zaikidwa mwaukhondo.

Nkhani ili m'chipinda chachitatu, cha gule wamkulu. Mnyamata wotsogolera alendo, wa baji pachifuwa, anayamba kufotokoza m'Chipwitikizi chifukwa munali alendo anayi ochokera ku Tete, ogwira ntchito ku migodi ya malasha ku Moatize. Ndinamupempha bwinobwino kuti aziponyako Chichewa kuti akuluwa amve. Anandiyankha kuti, "Alendo kaye." Ndinameza, ngakhale ifenso tinalipira chimodzimodzi. Kenaka anatambasula dzanja, n'kuchotsa nkhope ya Chadzunda pakhoma, n'kuiveka mmodzi wa alendowo kuti ajambulitse. Mametikali 100 chithunzi chimodzi, ndalama n'kulowa m'thumba la buluku lake, risiti palibe. Mlendoyo anayamba kudumphadumpha, anzake akuseka, mafoni ali m'mwamba. Mnyamatayo osalekera pomwepo, anaitembenuza kuonetsa m'kati mwake, n'kumatchula zinthu zimene sizitchulidwa pamaso pa amayi ndi ana. Mwana wanga wamkazi wa zaka 9 anali pomwepo. Mayi ake anamugwira paphewa n'kumutembenuzira kukhoma.

Alendowo sindiwaimba mlandu, sankadziwa. Koma iyeyu ndi mwana wa kwathu konkuno, Chichewa chake n'cha ku Angónia chenicheni. Akudziwa kuti Chadzunda ndi mkulu wa zilombo, amene amatulukira pabwalo akutsimphina ngati nkhalamba, mbalule ikalira n'kusanduka wina. Akudziwa kuti gule amatuluka pa maliro, pa chinamwali ndi polonga mfumu, ndipo za kudambwe zimathera kudambwe.

Atsibweni sanakweze mawu. Anangomufunsa kuti, "Mwanawe, kodi unameta?" Iye anaseka, n'kunena kuti, "Madala, izi ndi za pakhoma, si za kumudzi kwanu." Madala! Munthu woti angabereke bambo ake. Ndinamva magazi akuthamangira kumutu. Atsibweni anavala chipewa chawo m'nyumba momwemo, n'kutuluka. Khomo lomwe analidikira zaka zoposa 50 analitulukira chamutu pansi.

Pakhoma lomwelo pali chikwangwani chonyadira kuti mu 2005 UNESCO inalemekeza gule wamkulu ngati chuma cha dziko lonse lapansi, cha Mozambique, Malawi ndi Zambia pamodzi. Ulemu umenewo sanaupereke kwa matabwa ndi nthenga, anaupereka kwa mwambo ndi eni ake, ndipo mmodzi wa eni akewo ndi amene anathamangitsidwa ndi pakamwa pa mwana. Kumapeto kwa mwezi uno wa Ogasiti mafumu a kuno akhala ali ku Mkaika ku Katete, ku Zambia, ku mwambo wa Kulamba, kukagwada kwa Kalonga Gawa Undi, ndipo magule athu akavina kumeneko. Atamva zimenezi angati chiyani? Ndinafikako ku Mua, ku Malawi, ku Kungoni, malo a zachikhalidwe ndi zaluso amene Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976. Nkhope za zilombo zilipo mazanamazana, koma wotifotokozera ankatiuza dzina la chilombo, nyimbo yake ndi mwambo umene chimaphunzitsa, manja ake ali kumbuyo. Choncho kuonetsa gule popanda kumunyoza n'kotheka.

Ndinatuluka ndi mtima wofuna kukalanda ndalama zathu pageti. Atsibweni ndinawapeza kumunsi kwa munda, pafupi ndi thanki yakale yamiyala, atakhala pa benchi ndi agogo ena ovala ovolosi yobiriwira. Agogowo, powaona akubwera nkhope itagwa, anasiya khasu, kuvula chipewa, kuomba m'manja, n'kuwapatsa malo. Pomwe ndimafika anali akuitanana kale kuti achimwene. Mapichesi ali pa maluwa tsopano, mitengo yonse yopanda tsamba koma yofiirira mbuu, njuchi zili ng'ung'ung'u ngakhale kunali kachisanu. Atsibweni analoza chitsa china chokalamba m'mphepete mwa ngalande, n'kunena kuti mzere umenewo anakumba nawo mayenje ake. Agogowo anawatenga pa dzanja kukawaonetsa mmene anaupulumutsira mtunduwo: amadula kanthambi ka mtengo wakale nthawi yozizira, kukasongola ngati mphero, kukalowetsa m'mng'alu wa mbande yomera pa nthangala, n'kumanga ndi kapulasitiki. Anatulutsa kampeni kawo kothera kunola n'kumezanitsa umodzi tikuona, kenaka n'kuupereka kwa atsibweni m'chubu mwake. Nditatulutsa ndalama anakana. Anati, "Mtengo ukupita kwa mwini wake."

Pamenepo mkwiyo unayamba kutsika. Munda amausamaladi, udzu wotchetchedwa, mitengo ili ndi timatabwa ta mayina m'Chichewa ndi m'Chipwitikizi, ndipo mabanja amayala mphasa n'kudya kamba wawo popanda wowathamangitsa. Kuseri kwa nkhokwe yakale amayi awiri amaphunzitsa ana kuumba, ulere. Mwana wanga anatuluka ndi kamphika kopendekeka ndi dongo mpaka m'makutu. Zimbudzi n'zoyera. Tiyi wa pakhonde anabwera wozizira ndipo mtengo wake ndi wa m'tauni.

Tisanachoke ndinakaonana ndi mayi woyang'anira malowo. Anamvetsera osandidula, ndipo za mametikali 100 zija zinaoneka kuti akuzimva koyamba. Anatsika yekha mpaka ku benchi, kugwada, n'kupepesa kwa atsibweni m'Chichewa. Ndinamuuza kuti aitane akuluakulu a kudambwe a midzi yozungulira adzanene okha zoyenera kukhala pakhoma ndi zoyenera kunenedwa. Analemba m'buku. Mnyamata uja sanabwere kudzapepesa. Potuluka tinamuona atatsamira chipilala akuseweretsa foni.

Atsibweni anabwerera mu shapa mbande ili pamiyendo, osalola aliyense kuwanyamulira. Akuti tidzapitenso mu Disembala mapichesi akadzapsa, analonjezana ndi achimwene awo atsopanowo. Ndidzawaperekeza kumunda. M'chipinda chachitatu ana anga sadzapondamo mpaka nditamva kuti Chadzunda sakuchotsedwanso pakhoma.