Mitengo yaulere ya kukhonsolo ili bho, koma mulawirire

Amene mukufunsa za pulogalamu ya khonsolo yogawa mitengo yaulere ija, ine ndingoti pitani. Kulembetsa nkosavuta, dzina ndi adiresi pa foni basi, amangofuna atsimikize kuti mumakhaladi mu mzindawo. Vuto ndi tsiku lokatenga, mzere wake eish, ndipo ya zipatso imatha mmawa kwambiri moti ofika mochedwa amangopeza ya mthunzi yokhayokha.

Mbande zake nzabwino ndithu, masamba obiriwira, koma muziyang'ana pansi pa chubu musananyamule. Ina ndinaiona mizu itazungulirazungulira mkati ngati chingwe, yotero mukabzala osaimasula imakula monyentchera. Chomwe chinandisangalatsa ndi mayi ena ongodzipereka amene amafunsa kaye kuti pakhomo panu mpotani, pali mawaya a magetsi pamwamba? mapaipi a madzi adutsa pati? kenako ndiye amakuuzani mtengo woyenera. Anatinso dzenje likhale lotambalala kuposa chubu kawiri kapena katatu koma lisazame kwambiri, pomwe tsinde lakumana ndi mizu pasakwiririke, ndipo udzu wophimbira usakhudze tsinde chifukwa limaola.

Chondinyasa nchoti mbande zina zinalibe mayina, umangotenga osadziwa kuti mtengowo udzatalika bwanji. Komanso akakupatsa zathera pomwepo, palibe ngakhale kauthenga kokukumbutsa zothirira, chonsecho zaka ziwiri zoyambirira mpomwe kamtengo kamafuna madzi pafupipafupi. Inu a lendi funsani kaye eni nyumba musanakumbe. Ndawapatsa 4 pa 5.