Linux Mint pa laputopu yakale: ndemanga yanga kwa ofuna kuyamba programming

Ngati mukufuna kuyamba programming koma laputopu yanu ndi ija ya second hand yogula ku Old Town, RAM yake 4GB, ukangotsegula Chrome fani imayamba kulira, ine ndikuti yesani Linux Mint, operating system yomwe imayendetsa kompyuta ngati mmene imachitira Windows. Ndikuphunzirira chilankhulo cha programming cha Python pa Dell yakale ndipo zimandiwawa ndikamamva achinyamata kuno ku Lilongwe akuti sangayambe mpaka adzapeze makina atsopano, pomwe amene ali nawowo akhoza kugwira ntchito bwinobwino.

Mint ndi yaulere, yaulere zenizeni osati zija zokraka zomwe zimabwera ndi mavairasi. Komanso Windows 10 a Microsoft anasiya kuisamalira mu October 2025, ndiye Windows 11 imafuna kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0 komwe malaputopu ambiri akale alibe, mungotsala ndi makina opanda chitetezo. Mint 22 yomwe inatuluka mu 2024 akulonjeza kuti aziipatsa ma update mpaka 2029. Inamangidwa pa Ubuntu, mtundu wina wa Linux umene anayambitsa Mark Shuttleworth wa ku South Africa mu 2004, ndiye mukakumana ndi vuto n'kupeza yankho la Ubuntu pa intaneti nthawi zambiri limagwiranso pa Mint, zimenezi zimathandiza kwambiri ukakhala ulibe munthu womufunsa pafupi.

Kuika kwake sikovuta koma kumadya data. Failo yake ndi pafupifupi 3GB, ndiye ngati mnzanu ali nayo kale ingokoperani pa fulashi, palibe mlandu uliwonse, chilolezo chake chimalola kugawana. Mumailemba pa fulashi ndi pulogalamu ya Rufus, n'kuyatsanso laputopu mukudina F12 ngati ndi Dell, F9 ngati ndi HP. Chomwe chinandisangalatsa apa nchoti imayamba kuthamanga kuchokera pa fulashipo musanafufute kanthu, mukhoza kuyesa Wi-Fi, mawu, kiyibodi, zonse, mukakhutira ndiye muike. Koma zithunzi ndi ma assignment anu muyambe mwasungira kwina chonde.

Tsopano pa programming penipeni ndi pomwe ndimaikondera. Python imabwera ili kale mkati. Mukatsegula terminal, kawindo kolemberamo malamulo, n'kulemba python3 pakubwera tizizindikiro titatu >>> ndipo mukalemba 2+2 ikuyankhani pompo, osadaunloda chilichonse, osasintha ma setting. Mukafuna git, yosungira mbiri ya code yanu, ndi zopangira mapulogalamu a chilankhulo cha C ndi mzere umodzi basi, sudo apt install git build-essential, zonse zibwera zokha. Polembera code ine ndimagwiritsa Geany chifukwa ndi yopepuka, VS Code imagwiranso koma pa 4GB mukaitsegula pamodzi ndi browser makina amayamba kulemera. Woyamba kumene akhoza kuika Thonny, imakuonetsa code ikuyenda mzere ndi mzere.

Pali tinthu tomwe timadabwitsa poyamba. Ikakufunsani pasiwedi mu terminal simuona zilembo zomwe mukulemba, ingolembani n'kudina Enter. Moni.py ndi moni.py ndi mafailo awiri osiyana, chilembo chachikulu ndi chaching'ono sizifanana kuno. Ndiye pali uthenga wina woopsa woti externally-managed-environment womwe umabwera mukayesa kuika zowonjezera za Python ndi pip install mwachisawawa, musaganize kuti mwaononga kanthu, ikungoteteza Python yomwe makinawo amadalira, ikani python3-venv kenako lembani python3 -m venv ndi dzina la foda kuti mupange malo apadera a Python n'kumagwirira ntchito mmenemo. Ine ndimaona kuti kuvutikako nkwabwino ndithu, chifukwa ma server ambiri omwe mudzaikepo mawebusaiti anu amayendera Linux, ndiye malamulo a mu terminal ngati cd, ls ndi chmod mudzakhala mutawazolowera kale m'manja.

Bando ikatha sikuti kuphunzira kwaima. Lembani man ls muwerenge zonse za lamulo la ls popanda netiweki, ndipo mukaika python3-doc mabuku onse a Python amakhala mu laputopu momwemo, magetsi akazima madzulo ku Area 25 kapena ku Kawale mumangowerenga malinga batire ikadalipo.

Zovuta ziliponso ndipo sindibisa. Malaputopu ena a Wi-Fi ya Broadcom sagwira netiweki mukangomaliza kuika, mumayenera kulumikiza foni ndi chingwe cha USB n'kuyatsa tethering kaye kuti Driver Manager itenge driver, munthu wosadziwa akhoza kutaya mtima pamenepa. Ma update oyamba ndi ambiri, muwachite pomwe pali Wi-Fi kapena pa bando ya usiku, koma musawasiyiretu chifukwa ena ndi achitetezo. LibreOffice, yomwe imalowa m'malo mwa Microsoft Office, imatsegula mafailo a Word koma ma table ndi mafonti nthawi zina amasuntha, ndiye mukamapita kukaprinta mtauni tengani PDF. Ndipo ngati kozi yanu ikufuna Visual Studio kapena Microsoft Access, zimenezo sizigwira pa Linux, bola muike Mint pambali pa Windows muzisankha poyatsa.

Chomwe ndikanakonda chitakonzedwa ndi chilankhulo, mauthenga a vuto onse ndi Chingerezi cholimba, mwana wa Form 2 amene ali ndi chidwi amafunika wina womumasulira, ndipo ife amene tayambako tiyenera kumakhala nawo pansi ana amenewa.

Posankha podaunloda muona mitundu itatu, Cinnamon, MATE ndi Xfce. RAM ikakhala 4GB kapena kuchepera tengani Xfce, ya 8GB Cinnamon imayenda bho ndipo imaoneka ngati Windows yomwe munazolowera. Ngati muli ndi kandalama pang'ono chotsani hard disk yakaleyo muikemo disk yothamanga ya mtundu wa SSD musanaike Mint, kusintha kwa liwiro mudzakuona tsiku lomwelo.