Galaja imene inatchuna SV650 yanga nditasintha ekizozi, zomwe ndakonda ndi zomwe sizinandisangalatse

Anzanga okonda njinga zamoto amene mwasintha ekizozi kapena fyuluta ya mpweya ndiye mukufunafuna kokatchunitsa injini, ndati ndikuuzeniko za galaja imene inagwira njinga yanga. Dzina sinditchula, nanga si tili kosiyanasiyana, koma zomwe ndinaona kumeneko mutha kukayang'ana pa galaja ina iliyonse. Ntchito yawo ndakhutira nayo ndithu, kungoti pali zina akanatha kuchita bwinoko.

Njinga yanga ndi Suzuki SV650, injini ya V-twin 645cc, ya ma injekita. Zija za 1999 mpaka 2002 zinali za kabyuleta, kuyambira 2003 mafuta amayendetsedwa ndi kompyuta ya njingayo, ECU. Ndinaika ekizozi yonse kuchokera pa injini mpaka kumapeto komanso fyuluta ya K&N. Kulira kunakoma kwabasi koma kayendedwe ayi, ukangotsegula moto pang'ono pa giya yotsika imadumpha, ukasiya moto kumbuyoku kumangoti phu phu phu, ndipo injini imatentha msanga kuposa kale. Chimachitika nchakuti map ya mu ECU, tebulo la timabokosi louza ma injekita kuchuluka kwa mafuta oti apereke, inalembedwa ku fakitale molingana ndi ekizozi yobwera nayo, ndiye iwe watsegula njira mpweya ukudutsa wambiri koma petulo akubwera yemwe uja. Petulo amapsa yense bwinobwino akasakanizika ndi mpweya pa 14.7:1, kutanthauza magawo 14.7 a mpweya pa gawo limodzi la petulo, koma injini ikamakoka mwamphamvu imafuna mafuta ochulukirapo, cha m'ma 13:1. Mafuta akachepa kwambiri kutentha kumakwera, injini imatha kuyamba kugogoda, mapeto ake mavalavu kapena pisitoni kupsa, ndiye si nkhani yongofuna liwiro ayi.

Galaja yoyamba imene ndinafunsako anangoti bweretsani tiikamo map yokonzakonza kale, ola limodzi mwatenga. Dyno, makina oyezera mphamvu ya njinga tayala lakumbuyo likuzunguza mgolo, alibe. Sindikunena kuti map zoterozi nzoipa nthawi zonse, amene wangosintha kachitini kakumapeto kokha mwina zimamukwanira, koma map imeneyo inapangidwa pa njinga ya munthu wina, ekizozi ina, mafuta ena, ndipo palibe chimene akanayeza pa yanga. Ndinathokoza ndikupita kwina.

Yachiwiriyi ndinaikonda asanagwire ndi sipanala yomwe. A makaniko ake, bambo achikulire ndithu, anayamba ndi mafunso, mwasintha chani ndi chani, njingayi yayenda makilomita angati, mavalavu anayezedwa liti, mumathira petulo wa octane yanji, mumayenda kwambiri mtauni kapena maulendo ataliatali. Kenako anati "achimwene, njinga yodwala sitiitchuna, tiyambe taiona kaye." Anaona tcheni, matayala, mapulagi, oyilo, ndipo anapeza kuti gasiketi ya ekizozi pa silinda yakumbuyo imalowetsa mpweya. Kanthu kakang'ono koma kakanaononga ntchito yonse, chifukwa mpweya wolowera pamenepo umanamiza sensa ya mu ekizozi kuti mafuta achepa, wotchunayo nkuonjezera mafuta osafunika. Pa chifukwa chomwechi anatseka kaye PAIR, kachipangizo kamene Suzuki amaika kuti kazilowetsa mpweya wabwino mu ekizozi pofuna kuchepetsa utsi. Galaja imene mutaifunsa za PAIR nkumakuyang'anani modabwa, musasiyeko njinga.

Dyno yawo ndi ija yokhala ndi buleki yamagetsi, osati yongozunguza mgolo basi. Apa ndi pamene ndikufuna mumvetsetse abale. Dyno ya mgolo wokha imayeza bwino ukatsegula moto wonse kuyambira pansi mpaka pamwamba, koma ndani amayenda choncho tsiku lonse? Nthawi zambiri timayenda moto uli pang'ono, mwina gawo limodzi mwa magawo khumi kapena asanu, ndipo mavuto onse a kudumpha aja amakhala kumeneko. Ya buleki imatha kuigwira njinga pa ma rpm amodzi, tinene 4,000, wotchuna nkumatsegula moto pang'onopang'ono akuwerenga sensa ya wideband, yoyeza kasakanizidwe ka mpweya ndi mafuta, ndi kukonza kabokosi kalikonse ka map. Nthawi yambiri bambo aja anathera pamenepa, zothamangitsa mpaka mapeto anachita kangapo kokha. Masilinda awiriwo anawayeza lililonse palokha poti mapaipi ake si ofanana ndiye sapuma mofanana. Mafani akuluakulu anali akuuzira njinga nthawi yonse ndipo ikatentha amaipumitsa, samaikakamiza.

Anandifotokozeranso njira ziwiri, kuika Power Commander ya Dynojet, kabokosi kolumikiza pakati pa ECU ndi ma injekita kamene utha kukachotsa pogulitsa njinga, kapena kulemba mu ECU momwemo. Kulemba mu ECU kumafika pa zambiri, monga nthawi imene pulagi imathetheka komanso kutentha kumene fani ya radiyeta imayambira, ndipo palibe mawaya owonjezera oti adzakuvute mvula ikalowa. Ndinasankha ECU. Asanasinthe kalikonse anasunga fayilo ya ku fakitale nkundipatsa kope yanga, chinthu chimene ndikuona kuti aliyense azipempha.

Zotsatira zake, mahosipawa anakwera ochepa chabe ndipo iwo anandiuziratu kuti zikhala choncho, ekizozi ndi fyuluta sizisandutsa 650 kukhala 1000. Chimene chinasintha kwambiri ndi kakokedwe pa ma rpm apakatipa. Pano ndikatsegula moto pokhota njinga imanyamuka mosalala, kudumpha kuja kunatha, kuphulika kwa kumbuyo kunachepa zedi, ndipo pa giya yachitatu kapena yachinayi imakoka osadikira kuti utsitse giya. Anayeza njinga isanatchunidwe komanso itatchunidwa, dyno yomweyo tsiku lomwelo, ndipo pepala linalembedwa kuti agwiritsa ntchito njira yowerengera mphamvu ya SAE. Izi muziyang'ana chifukwa njira ina yowerengera ya STD imatulutsa nambala yokulirapo pang'ono pa njinga yomweyomweyo, ndiye munthu wachinyengo atha kuyeza koyamba ndi SAE komaliza ndi STD iwe nkumasangalala ndi mphamvu yoti kulibe. Komanso musadandaule nambala ikakhala pansi pa imene kampani imalengeza, kampani imayeza pa injini pomwe dyno imayeza pa tayala lakumbuyo, mphamvu ina yathera mu giyabokosi ndi tcheni.

Tsopano zomwe sizinandisangalatse. Kulumikizana nawo nkovuta, foni imangoitana, uthenga amayankha mochedwa, ndipo tsiku limene tinapangana linasunthidwa osandiuza mpaka ndinachita kufunsa ndekha. Pepala limene anandipatsa poyamba linali ndi mzere wa mahosipawa ndi toki (mphamvu yozunguza) basi, mzere wa kasakanizidwe ka mpweya ndi mafuta ndinachita kuupempha, pamene umenewo ndi umene ukuonetsa ngati injini ili pabwino kapena ayi. Chinanso chachikulu, za waranti ndi malamulo sanayambitse okha. Kulemba mu ECU kutha kuthetsa waranti ya injini, ndipo m'maiko ambiri kuchotsa catalytic converter, kachipangizo ka mu ekizozi kochepetsa utsi woipa, pa njinga yoyenda pamsewu nkulakwira lamulo, ku Europe mwachitsanzo malamulo a utsi a Euro 5 anayamba kugwira ntchito pa mitundu yatsopano ya njinga mu 2020. Nditafunsa anayankha mosabisa kanthu, koma munthu wosadziwa akanangotuluka osamva chilichonse, ndipo ine ndikuona kuti zimenezi amayenera kunena ntchito isanayambe. Mmawa kukazizira njinga imavutanso kukhazikika ikangolizidwa, poti pa dyno inatchunidwa ili yotentha, ndinabwererako ndipo anakonza osalipiritsanso, apo ndiye ndiwayamikire. Petulo ikumwa wochulukirapo pang'ono, zimenezo ndimayembekezera.

Amene muli ndi njinga za kabyuleta nkhani yake ndi yomweyi kungoti m'malo mwa kompyuta amasintha majeti, main jet, pilot jet ndi singano, ndipo muwauze ngati mumayenda kumapiri chifukwa kumtunda mpweya ndi wopepuka ndiye mafuta amachuluka, kabyuleta siidzikonza yokha ngati ECU.

Galaja imeneyi ndingatumizeko aliyense amene wasintha ekizozi yonse, makamushafuti kapena mapisitoni, bola akhale woleza mtima pa nkhani ya foni ndi masiku. Popita onetsetsani kuti tayala lakumbuyo lili bwino chifukwa dyno imalidya, tcheni chikhale chomangidwa bwino, ndipo thanki ikhale ndi petulo yemwe mumathira masiku onse, osati wapamwamba wogulira tsiku limenelo lokha, apo ayi njinga idzatchunidwira mafuta amene simumagwiritsa ntchito.